Magazi amene Shakespeare amatibisira mu Macbeth

Tisanamuone n'komwe Macbeth, timayamba tamva mbiri ya lupanga lake. Msilikali wina wovulala, magazi ali chuchuchu, akufotokozera Mfumu Duncan momwe Macbeth anang'ambira woukira boma wotchedwa Macdonwald kuchokera pamchombo mpaka kunsagwada, n'kupachika mutu wake palinga. Mfumuyo sikunyansidwa. Ikumutamanda, ndipo posakhalitsa ikumupatsa udindo wa Thane wa ku Cawdor. Ambiri akamakamba za seweroli amathamangira kuloza chala mfiti zitatu za m'seweroli kapena mkazi wake. Ine ndimaona kuti William Shakespeare anadzala vuto lonse pomwepa: dziko la Scotland ndi lomwe linaphunzitsa munthuyu kuti kupha kumakweza.

Seweroli linalembedwa cha m'ma 1606, anthu a ku London akadali ndi mantha a chiwembu cha mu November 1605 chofuna kuphulitsa Nyumba ya Malamulo pamodzi ndi Mfumu James. Nkhaniyo anaitenga m'buku la mbiri la Raphael Holinshed, koma anaiumbanso. Macbeth weniweni analamulira Scotland kuyambira 1040 mpaka 1057, ndipo Duncan weniweni anafera kunkhondo akadali wamphamvu zake. Shakespeare anamusandutsa nkhalamba, mlendo wogona m'nyumba ya mbale wake Macbeth, kuti imfa yakeyo ikhale malodza enieni.

Chodabwitsa n'chakuti imfa imeneyi, yomwe ndi msana wa sewero lonse, sitiiona. Timatsala panja ndi Lady Macbeth, tikumva kadzidzi akulira. Kenaka mwamunayo akutulukira, manja ali psuu, atanyamula mipeni iwiri yomwe amayenera kuisiya pafupi ndi alonda a mfumu oledzera. Munthu amene dzulo lake amang'amba anzake kunkhondo osaphethira, lero akudandaula kuti mawu oti Ameni amukakamira pakhosi. Akukana kubwereranso m'chipindamo. Wina akangogogoda pachipata, iye akudzidzimuka. Mtembo sitinauone, komabe tikudziwa bwino zimene zachitika m'katimo chifukwa tikuziwerenga pankhope ya wakuphayo. Pano Macbeth akadali munthu.

Kuchoka apa wolembayo akuyendetsa zinthu ziwiri mosemphana, ndipo luso lake lalikulu ndi limeneli. Macbeth akunka natalikirana ndi mpeni, ife oonerera tikunka tiyandikira magazi.

Banquo, mnzake wa kunkhondo, sakumupha yekha. Akulemba ganyu zigawenga, ndipo ngakhale mkazi wake sakumuuza. Ulendo uno tikuona zonse: mdima, muuni ukuzimitsidwa, Banquo akukuwira mwana wake Fleance kuti athawe. Chikumbumtima cha Macbeth sichinaferetu, n'chifukwa chake mzukwa ukudzakhala pampando wake paphwando, alendo n'kubalalika chakudya chisanathe.

Pofika pabanja la Macduff, mmodzi wa nduna za ku Scotland, ngakhale mzukwa kulibe. Kuphako kulibenso phindu lililonse, pakuti Macduff amene akumufunayo wathawira ku England. Apa Shakespeare sakufulumira. Akutipatsa kaye nthawi yomvera kamnyamata ka Macduff kakucheza ndi mayi ake, kakuwayankha mochenjera mpaka kutiseketsa, kuti tikakonde. Ndiyeno zigawenga zikulowa n'kukabaya ife tikuona, ndipo mawu ake omaliza ndi ouza mayi ake kuti athawe. Macbeth palibepo, ndipo sitimumva akufunsa momwe zinayendera. Chisoni chimene iye anachitaya chatsalira ife amene takhala pamipando. Chatsaliranso Macduff, amene atamva uthengawo akukokera chipewa kumaso, n'kumafunsa mobwerezabwereza ngati ana onse apitadi. Malcolm, mwana wa Duncan, akumulimbikitsa kuti alimbe mtima ngati mwamuna, iye akuyankha kuti mwamuna ayeneranso kumva kupweteka. Kwa ine, yankho limeneli ndi lomwe likugamula mlandu wa Macbeth, pakuti mkazi wake anamukankhira kukapha pomunyoza kuti si mwamuna. (Kukambirana kwautali kwa Malcolm ndi Macduff uthengawo usanafike kumalemetsa sewero, ndipo sindidabwa kuti otsogolera zisudzo ambiri amakudula.)

Lady Macbeth sanabaye munthu ndi mmodzi yemwe. Anavomera yekha kuti nkhope ya Duncan ali m'tulo inamukumbutsa atate ake. Ndi iye amene anati timadzi pang'ono tiyeretsa zonse, koma kumapeto tikumupeza akuyenda ali m'tulo, nyali ili m'manja, akupukuta banga limene wina aliyense sakuliona, dokotala ndi mdzakazi akumvetsera ali duu. Nkhanza imodzi yomweyo yawadya mosiyana awiriwa: mkazi yamutsekula mtima mpaka wasweka, mwamuna yamuumitsa ngati chikumba choyanikidwa padzuwa. Mkaziyo akumwalira kuseri, ife tikungomva mfuu ya amayi. Macbeth akumva mfuu yomweyo n'kuzindikira kuti mantha anamuthera kalekale. Kugwa kwake kwenikweni kuli pamenepa. Lupanga la Macduff likubwera pambuyo pake kudzatsiriza munthu amene moyo waleka kale kumukomera.

N'chifukwa chake sindigwirizana ndi zomwe Roman Polanski anachita mufilimu yake ya mu 1971, pomwe anatilowetsa m'chipinda cha Duncan kuti tione mpeni ukulowa. Filimuyo ndi yamphamvu, koma diso likakhuta magazi a mfumu koyambirira, imfa ya mwana wa Macduff imafika ngati imodzi mwa zambiri. Gulu la zisudzo limene likufuna kuchita seweroli, kaya ndi pasukulu kaya m'holo ya m'tauni, lisiye chitseko cha Duncan chili chotseka, ndipo nthawi yambiri yokonzekera liithere pa kamnyamata kaja ndi mayi ake.