Chikande Si Chitsamba

Alembi ambiri a mabuku a sukulu ndi timapepala ta zachilengedwe azolowera kutcha chomera chilichonse cha kutchire kuti "chitsamba". Chizolowezichi chikusokoneza ophunzira, ndipo chikande ndi chitsanzo chabwino.

M'Chichewa, chitsamba ndi kamtengo ka nthambi zolimba komwe kalulu angabisalemo. Chikande sichili choncho. Tsinde lake ndi lofewa. Limamera ndi mvula, limachita maluwa, kenaka limauma m'chilimwe. Chotsala ndi kambatata ka pansi komwe kamaphukiranso dzinja lotsatira. Mwana wouzidwa kuti chikande ndi chitsamba adzachiponda akuchifunafuna.

Kachiwiri, ena amati ndi "chomera cha chaka ndi chaka". Mawuwa sasiyanitsa kanthu, pakuti chimanga nachonso timachiona chaka ndi chaka. Ife tikuganiza kuti "chomera chophukira" ndiwo mawu oyenera, ndipo chisoso ndi luni zitchedwe "zomera za dzinja limodzi". Kusiyanaku n'kofunika: wokumba akachotsa kambatata kuti akasinje ndi kuphika ndi nsinjiro ndi chidulo, chomeracho chafa. Wowerenga woganiza kuti chidzamera chokha ngati chisoso sangamvetse chifukwa chimene chikande chikusowera.

Kachitatu, alembi akulemba kuti chimapezeka "m'malo onyowa". Kodi bafa si malo onyowa? Mawu athu ndi dambo, ndipo akatswiri a sayansi adawabwereka kale m'zolemba zawo za Chingerezi. Tilembe kuti chikande chimamera m'madambo ndi m'maudzu a pamwamba pa mapiri monga Nyika ndi Viphya.

Pomaliza, dzinali limaimira zomera zingapo za m'magulu a Disa, Satyrium ndi Habenaria. Kumpoto amati chinaka. Ku Zambia amati chikanda. Palibe cholakwika pa mayinawa, koma mlembi aike dzina la Chilatini pambali kuti tidziwe chomwe akunena. Mabuku a Jessie Williamson (1955, lokonzedwanso mu 1975) ndi Blodwen Binns (1972) adasonkhanitsa mayina a zomera zathu, koma adalembedwa m'Chingerezi. Kufotokoza zomerazi m'Chichewa ndi ntchito yathu.

Choncho tikupempha akonzi kuti asanavomereze mawu akuti "chitsamba", ayambe afunsa amayi amene amakumba chikande.