Galasi Lowala, Nkhope Zacilendo

Mnyamata wina amene ndinam'phunzitsa zaka zapitazo wanditumizira zithunzi khumi pa WhatsApp. Anazijambula pa tabuleti ya Huion Kamvas, ija ya galasi imene mzere umaonekera pansi penipeni pa nsonga ya colembera. Anaigula ndi ndalama za maganyu a ku mafakitale kuno ku Kafue, ndiye nchito yake ndi yofunika kuinenera zoona.

Dzanja lake lakhwima. Colembera ca tabuleti zotere cimazindikira kukanikiza pa milingo 8192, ndipo iye wacizolowera: mzere umanenepa pa phewa, n'kuonda pa zala. Mithunzi nayo ili m'malo mwake.

Koma nkhope zonse khumi ndi za makatuni a ku Japan: maso aakulu, zibwano zosongoka, tsitsi lofiirira. Ndafunafuna Kafue osaipeza. Mulibe macumuni a Nitrogen Chemicals, mulibe mlatho wa njanji, mulibe bambo wotuluka ku fakitale ya zitsulo atanyamula cipewa m'manja. Ali pasukulu, mnyamata yemweyu anajambula ndi bolopeni mayi wogulitsa nsomba, kalasi yonse n'kumuzindikira nthawi yomweyo. Diso limenelo ndi limene lasowa. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Wina anganene kuti zakwathu sizigulika. Nanga Supa Team 4? Malenga Mulendema anaika atsikana ake anayi mu Lusaka wam'tsogolo, situdiyo ya Triggerfish ya ku Cape Town inagwira nawo nchitoyo, ndipo mu 2023 Netflix inaionetsa padziko lonse.

Inu amene mukusunga ndalama, dziwani izi. Tabuleti ya galasi yotere si kompyuta. Imafuna laputopu, zingwe ndi malaiti. Kumbukirani 2024, madzi atacepa ku Kariba, mmene tinkakhalira mumdima. Yopanda galasi ndi yochipa, imadya moto wocepa, ndipo pulogalamu ya Krita ndi yaulere. Ngati mtima uli pa galasi basi, ya mainchesi 13 ikukwanirani.

Musanagule, khalani pa siteshoni ya minibasi ndi kope, mujambule anthu makumi awiri. Mnyamata uja ndamuuza zomwezi. Wandiyankha kuti Loweruka apita kumtsinje, tabuleti aisiya kunyumba.