Local Hero: Nthabwala Zosakuwa za Mudzi wa Asodzi

Munthu akalowa m'nyumba ya vidiyo pa Malomo, kaya pa Mponela, amadziwiratu chimene walipirira: zibakera, mfuti, galimoto kuphulika, kuphatikizapo mnyamata womasulira m'Chichewa uja amene amathiramo zake mpaka anthu kugwa pa benchi. Kuseka kwathu n'kwaphokoso. Tinaleredwa ndi Kapalepale pa wayilesi, tinakulira Izeki ndi Jakobo, ndipo nthabwala timaiyeza ndi kupweteka kwa nthiti. Palibe cholakwika pamenepo. Koma ulipo mtundu wina wa nthabwala umene sukuwa, umene umangokusiya ukumwetulira wekha pa njinga tsiku lotsatira. Filimu ya Local Hero, imene Bill Forsyth wa ku Scotland analemba ndi kutsogolera m'chaka cha 1983, ndi ya mtundu umenewo, ndipo ine ndikuti Mmalawi angaimve bwino kuposa azungu ambiri.

Nkhani yake njachidule. Kampani ya mafuta ya ku Houston, ku America, ikufuna kugula kamudzi ka asodzi kotchedwa Ferness, m'mphepete mwa nyanja ku Scotland, kuti igwetse zonse n'kumangapo fakitale yoyenga mafuta. Atuma mnyamata wina, Mac, amene akuseweredwa ndi Peter Riegert. Amusankha chifukwa dzina lake, MacIntyre, likumveka la Chisikochi, chonsecho makolo ake anachokera ku Hungary ndipo dzinalo anangotola. Bwana wamkulu, Felix Happer, ndi Burt Lancaster, nkhalamba yolemera imene mtima wake uli pa nyenyezi, osati pa mafuta. Malangizo ake kwa Mac ndi akuti aziyang'ana kumwamba n'kumamuimbira foni.

Apa woonera amayembekezera nkhani yomwe tinazolowera: amphawi olungama kukana ndalama za mbava. Ayi ndithu. Anthu a ku Ferness akufuna kugulitsa! Usiku akuvina, akuwerengera galimoto zimene adzagule, koma masana avala nkhope zachisoni kuti mtengo ukwere. Wowatsogolera ndi Gordon Urquhart, mwini hotela, amenenso ndi wowerengera ndalama za mudzi wonse, amenenso amagulitsa mowa. Aliyense m'mudzimo ali ndi ntchito ziwiri kapena zitatu. Kodi zimenezi n'zachilendo kwa ife, kumene mphunzitsi yemweyo ndiye wa chigayo, ndiyenso wogula soya? Mlendo ndi amene akugwa m'chikondi ndi mudziwo. Eni ake atopa nawo. Mlimi wa fodya wa ku Ntchisi, amene alendo amamuuza kuti ali ndi mwayi kukhala pafupi ndi nkhalango yokongola chonchija, adzaseka pamenepa mosauzidwa, pakuti amadziwa kuti kukongola kwa phiri sikunagulirepo munthu thumba la feteleza.

Forsyth salengeza nthabwala zake. Mac, munthu wa matelefoni ndi mawotchi, akupezeka akupemphetsa makobiri m'bala kuti akaimbire bwana wake pa kafoni kofiira ka pa doko. Kalulu amene anamugunda pa msewu n'kuyamba kumulera, akumupeza tsiku lina ali m'mbale, ataphikidwa mwaluso. Afunsa amuna amene aima pa doko kuti mwana ali apayo ndi wa yani, onse angoti zii, kuyang'anana. Kamera siima kuti mudikire kuseka, ingopitirira. Suti ikuvulidwa pang'onopang'ono, ndevu zikumera, wotchi ija yaiwalika pa mwala ndipo madzi aimiza. Palibe amene akunena kuti munthuyu wasintha. Mukuona nokha.

Pali munthu mmodzi amene Mmalawi sangamudutse. M'busa wa mpingo wa m'mudzimo, Reverend Macpherson, ndi munthu wakuda wochokera ku Africa, woseweredwa ndi Christopher Asante wa ku Ghana. Anabwera ngati wophunzira, basi n'kukhazikika. Ife amene tinalandira amishoni a ku Scotland ku Cape Maclear mu 1875 ndi ku Blantyre mu 1876, nthabwala imeneyi ikutikoma pawiri: uthenga wabwerera kumene unachokera. Ndipo m'busayo ali mbali ya nkhosa zake pa malondawo, akuchedwetsa mlendo panja pamene mpingo wonse ukuthawa mozemba m'tchalitchi momwe umapangana za mtengo.

Chimene chikutsekereza malonda ndi nkhalamba imodzi, Ben Knox, yogona m'kachisakasa kopanda chitseko pa gombe. Zikudziwika kuti gombe lonselo ndi lake, makolo ake anapatsidwa kalekale. Ben sakulalikira za chilengedwe. Akungofunsa kuti akachoka adzasamala gombelo ndani. Pena atapa mchenga kudzaza dzanja n'kuuza Mac kuti amulipire paundi imodzi pa kambewu kalikonse ka mchengawo. Katswiri wa malonda uja achita mantha, akana, osadziwa kuti akanagula motchipa.

Ndipo apa filimuyi ikuonetsa mano ake, kwa mphindi zochepa chabe. Madzulo ena anthu a m'mudzi, omwe aja timawakonda, akutsetserekera ku gombe ali chete, gulu lonse, kulunjika kwa nkhalamba imene yaima pakati pa iwo ndi chuma. Sitiuzidwa chimene akukachita. Aliyense amene anaonapo mudzi ukutembenukira gogo wake chifukwa cha malo sasowa kuuzidwa. Popanda kachigawo kameneka, filimu yonse ikanakhala thobwa lothira shuga wambiri.

Komano mathero ake ndiwo sandikhutiritsa. Anthu aja aimitsidwa ndi kuwala kwa helikopita ya Happer. Bwanayo acheza ndi Ben, apeza kuti onse amakonda nyenyezi, basi asintha maganizo: fakitale ipite kwina, pano pamangidwe malo ophunzirira za kumwamba ndi za m'nyanja. Mudzi wapulumuka chifukwa munthu wolemera wadzuka bwino tsiku limenelo. Bwanji akanakhala wokonda gofu? Akazinso m'filimuyi ndi maloto a amuna chabe: Marina wosambira ngati nsomba, Stella wokongola wa ku hotela. Alibe zofuna zawozawo zimene tingazigwire.

Funso la filimuyi si la ku Scotland kokha. Mu 2011 boma lathu linapereka chilolezo kwa kampani ya Surestream Petroleum chofufuza mafuta m'nyanja ya Malawi, ndipo chaka chotsatira mkangano wa malire ndi Tanzania unabukanso. Kuyambira ku Salima mpaka ku Mangochi, mipanda ya makoteji yadya magombe amene asodzi ankayanikapo makoka, ndipo si onse amene anagulitsa mokakamizidwa. Usipa umene umakwera mapiri kuchokera ku Nkhotakota kudzafika pa msika wa Malomo umachokera m'midzi yonga Ferness. Shemu Joyah anaigwira nkhaniyi mu The Last Fishing Boat ya 2012, momwe Hope Chisanu ndi Yusufu, msodzi amene nsomba zamuthera, ndipo Flora Suya ndi Abiti Anefa, mkazi wake wamng'ono amene mzungu wodzaona malo akumufuna. Ndi filimu yolemera, yoyenera ulemu wake, koma njachisoni. Amene sanabwerebe ndi wotijambulira mudzi wa kunyanja wochenjera, wokonda ndalama, wonamiza mlendo mwaulemu, n'kutisiya tikuukondabe. Opanga mafilimu athu akafuna kuseketsa amathamangira munthu wakumudzi wopusa amene wasokonezeka m'tauni. Forsyth anatembenuza: wosokonezeka ndi wa m'tauni.

Za nyimbo za Mark Knopfler sindichulutsa. Gitala yake imayenda ngati bwato lopanda injini. Forsyth analandira mphoto ya BAFTA chifukwa cha utsogoleri wa filimuyi, ndipo alendo amapitabe ku Pennan, mudzi umene anajambulirako, kukaona kafoni kofiira.

Wotayika pamapeto ndi Mac. Bwana amulamula kubwerera ku Houston tsiku lomwelo. Alowa m'nyumba yake yaudongo, yopanda munthu, atulutsa zigoba za nkhono m'matumba, azinunkhiza, aima pa khonde kuyang'ana magetsi a mzinda. Kenaka tikuona Ferness patali, ndipo foni ya pa doko ija ikulira, osayankhidwa.