"Kuteteza" Kapena "Kusamala"? Kuunika Chiyankhulo cha Maphunziro a za Nthaka ku Mwami

Cholinga cha nkhani ino ndi kuunika mawu amene timagwiritsa ntchito pophunzitsa za nthaka ndi nkhalango m'dera la Mwami, kum'mawa kwa Chipata, pamalire a Zambia ndi Malawi. Wowerenga timabuku ta ulangizi kapena womvera nkhani za ulimi pa wailesi amakumana kawirikawiri ndi mneni "kuteteza". Mneniyu ali ndi vuto lake: chotetezedwa chimakhala ndi mdani. Tikafunsa kuti mdani wa nthaka ndani, zolembedwa zambiri zimaloza mlimi yemwe, ngati kuti iye ndi mbuli yongodikira mlangizi.

Chithunzi chotere chimabisa mbiri. Angoni a Mpezeni atagonjetsedwa mu 1898, malo aakulu ozungulira Fort Jameson, yomwe lero ndi Chipata, adagwa m'manja mwa kampani ya North Charterland. Mu 1928 boma la atsamunda lidakhazikitsa malo apadera a anthu akuda, ndipo anthu adapanikizana m'menemo pamodzi ndi ng'ombe zawo. Minda idasowa mpata wopuma, nthaka nikokoloka. Boma litagula malo a kampaniyo mu 1941, lidayamba kusamutsirako mabanja, koma lidawakakamizanso kuunda migula yotchinga madzi. William Allan, amene adalemba buku la The African Husbandman (1965), adaonetsa kuti gwero la vutoli lidali kuchuluka kwa anthu pa malo ochepa. Motero mawu akuti "kuteteza" akangobwerezedwa popanda mbiriyi, amasenzetsa mlimi mlandu umene sadaupalamule yekha.

Chiyankhulo cha anthu a m'derali chili nawo kale mawu ena. "Mphanje" ndi munda wongotsegulidwa kumene. "Tsala" ndi munda wosiyidwa kuti upume. "Dimba" ndi munda wa kudambo wolimidwa m'chilimwe. Mawu atatuwa akuonetsa kuti nthaka imaonedwa ngati chamoyo chimene chimatopa ndi kutsitsimuka. Nayonso mitengo ya kumanda sidulidwa wamba, ndipo palibe mlonda wa boma amene amaiyang'anira. Apa mneni woyenera ndi "kusamala", umene timaugwiritsanso ntchito pokamba za mwana kapena wodwala. Wosamala ndi mwini wake, osati woganiziridwa.

N'zochititsa chidwi kuti kafukufuku wa ku Msekera, pafupi ndi Chipata, adatsata nzeru yomweyi. M'zaka za m'ma 1990, mtengo wa feteleza utakwera chifukwa boma lidachotsa thandizo lake, akatswiri a bungwe la ICRAF adayesa kubzala jerejere ndi mitengo ina yobwezera chonde m'munda wogoneka kwa zaka ziwiri kapena zitatu, kenaka n'kubzalamo chimanga. Njirayi ndi tsala lomwe lija, lofupikitsidwa kuti ligwirizane ndi kuchepa kwa malo.

Sitikunena kuti miyambo yokha ingathetse mavuto onse. Kuotcha makala ndi kulima m'mapiri zikuonongadi chilengedwe ku Chipata, ndipo penapake lamulo liyenera kutetezadi. Koma aphunzitsi a chiyankhulo ndi omasulira ali ndi udindo wosankha mawu mosamala. Mwana wa ku Mwami akaphunzira kuti agogo ake adali oononga, adzanyoza nzeru za kwawo. Akaphunzira tanthauzo la tsala ndi chimene chidalifupikitsa, adzamvetsa kuti nkhani ya nthaka ndi nkhaninso ya amene ali ndi malo ndi amene alibe.