Mphwanga, Scotland the Brave iyambe yadikira

Mphwanga amakhala ku Chembe, ku Cape Maclear kuja, ndipo amadyera boti: amatenga alendo kupita nawo ku chilumba cha Thumbi kukaona mbuna ndi kuponyera nkhwazi nsomba. Chaka chatha mlendo wina wa ku Scotland, pobwerera kwawo, anamusiyira kachitoliro kakuda ka pulasitiki ndi buku lobiriwira lotha chikuto. Kachitoliroko eni ake amati practice chanter, ndipo ndi kamene amayambira aliyense wofuna kudzaliza bagpipe, chida chija cha thumba la m'khwapa ndi mipope itatu ya paphewa. Chiyambireni, oyandikana naye nyumba mtendere alibe.

Sabata yatha wanditumizira uthenga: "Achimwene, pa ukwati wa achemwali mu Ogasiti ndikufuna ndiwalizire Scotland the Brave. Mundibwereke thumba lanu lija." Thumba ndili nalo ndithu, lili m'sutikesi pansi pa bedi kuno ku boma. Ndinaphunzira zaka zitatu kwa mdala wina wa ku Blantyre amene anakhalitsa ku Glasgow. Ukatswiri sindinaufike, koma makutu okha ananditsegula. Ndiye ndamuuza kuti thumba ndimubwereka, nyimbo imeneyo ayi. Wakwiya, akuti ndi nsanje. Poti pa foni sitinamvane, ndati ndilembe bwinobwino, ukwatiwo ndi wa mlongo wathu tonse ndipo manyazi ake tidzagawana.

Timvetsane kaye za chidacho. Bagpipe ya Asikoti ili ndi manoti 9 okha, kuchokera pa G wapansi kukafika pa A wapamwamba. Basi. Palibe zoti apa ndikweze, apa nditsitse, ndipo ikangoyamba kulira siipuma, chifukwa mpweya ukuchokera m'thumba limene mkono ukufinya. Nanga noti imodzimodzi ikabwera kawiri motsatana, uilekanitsa bwanji poti mawu sungawadule? Umadzutsa chala chimodzi n'kuchibweza msanga ngati kuphethira kwa diso, kanoti kakang'ono n'kugwera pakati. Timanoti timeneti amati grace notes, ndipo akatimanga tiwiri, titatu, tinayi pamodzi timakhala ndi mayina: doubling, grip, birl, taorluath. Ambiri amatiyesa zokometsera chabe. Ine ndimakana. Ndi makonsonanti a chidachi. Mukatichotsa, nyimbo imatsala aaa-eee-ooo ngati khanda lomwe silinayambe kuyankhula. N'chifukwa chake nyimbo yophweka pakamwa ikhoza kukhala yothyola zala.

Scotland the Brave ndi yotero. Usanayende n'komwe mapazi awiri yakupatsa kale taorluath, timanoti tinayi toti tigwe motsatana pakati pa ma A awiri apansi, kenako yakukwezera pa A wapamwamba n'kufuna grip pomwepo. Wongoyamba amazimeza zonsezi n'kumathamanga kuti zolakwa zisamveke, koma zimamveka. Ndiponso kukoma kwa nyimboyi kuli pa gulu: oliza makumi awiri, ng'oma kumbuyo, msewu wonse kunjenjemera. Munthu mmodzi wa miyezi khumi pa chanter akailiza yekha pabwalo la ukwati, zimamveka ngati tambala wachimfine.

Buku lobiriwira limene mphwanga ali nalo ndi labwino, ndisaname. Analemba ndi Seumas MacNeill ndi Thomas Pearston a ku College of Piping ku Glasgow, linatuluka mu 1953, ndipo laphunzitsa anthu m'mayiko ambiri. Koma nyimbo yake yoyamba ndi Scots Wha Hae, imene mawu ake analemba Robert Burns mu 1793. Anaiika poyamba chifukwa mwana wa ku Scotland wa nthawi imeneyo ankaidziwa kale. Zala zikasochera, khutu linkamubweza. Mwana wa ku Chembe sanaimvepo. Iyeyo akulimbana ndi zinthu ziwiri nthawi imodzi, zala ndi nyimbo yachilendo, ndipo akalakwa palibe chomuuza. Maphunziro a zala a m'bukumo atsatire ndondomeko yake, asadumphe tsamba. Koma nyimbo yoyamba kuigwira ndi mtima ikhale imene khutu lake linaimva kale.

Imeneyo kwathu kuno ndi Amazing Grace. Wopemphera ku tchalitchi anaiimbapo, ndipo ngakhale anzathu a ku mzikiti anaimvapo pa wailesi kapena pa maliro a mnansi. Imayenda pa manoti asanu okha, do, re, mi, so ndi la, pang'onopang'ono, ndipo pa bagpipe do wake ndi D. Amene anakulira mu kwaya ali ndi mwayi apa: sol-fa imene amishoni anatisiyira ikugwirabe ntchito. Asikoti amene anafika pa Cape Maclear ndi sitima ya Ilala mu Okutobala 1875, a Robert Laws ndi anzawo, anasamukira ku Bandawe mu 1881 atakwirira anzawo angapo pansi pa phiri paja, koma kaimbidwe ka mipingo imene anayambitsa katsala m'makutu mwathu mpaka lero. Uyambe waiimba pakamwa, kenako zala zitsatire.

Chodabwitsa n'chakuti nyimboyi si ya ku Scotland n'komwe. Mawu ake analemba Mngelezi John Newton mu 1772, munthu amene kale anali kaputeni wa sitima zonyamula akapolo kuwoloka nawo Atlantic. Maimbidwe amene timawadziwa anawalumikiza ndi mawuwo ku America mu 1835. Inakhala "ya bagpipe" mu 1972, pamene gulu la asilikali la Royal Scots Dragoon Guards linaijambula n'kukhala nambala wani ku Britain. Ndikamailiza pafupi ndi mlatho wa Shire ndimakumbukira kuti cha pompano, kwa Mponda, ndi pamene ankawolotsera akapolo opita ku Kilwa, ndipo Fort Johnston anaimanga mu 1891 kuti atseke njira imeneyo. Akapolo a Newton sanali ochokera kuno, koma nyimbo ya munthu wogulitsa anzake amene pambuyo pake anadzanong'oneza bondo imalemera mwina ikamalira pa dooko ngati ili.

Chenjezo lake nali, mphwanga, ndipo ulimve. Amazing Grace ndi yophweka pa chanter, koma pa thumba ndi msampha. Manoti ake ndi aatali, ndipo noti yaitali imaulula mkono. Ukamauzira, mkono uyenera kumasuka pang'ono. Ukamakoka mpweya, mkono ufinye, ndipo kusinthanako kusamveke. Mkono ukagwedera, noti imakwera n'kutsika ngati injini ya boti imene mafuta akuithera. Mdala wanga uja anandisunga milungu itatu ndikuliza mipope yokha, yopanda nyimbo, mpaka kung'ung'udza kwake kutaima chilili. Ndinkadandaula. Lero ndikuthokoza.

Ikakhazikika imeneyo, nyimbo ziwiri zotsatira ndi The Green Hills of Tyrol ndi When the Battle's O'er, zimene magulu amakonda kuziliza motsatana. Zonse zimawerengedwa katatu, zimayenda mwa phee, ndipo zimakuphunzitsa grip, doubling ndi kagwedwe ka pa D popanda kukuthamangitsa. Yoyambayo nayonso ndi yobwereka: John MacLeod, woliza wa asilikali a 93rd Highlanders, anaitenga mu sewero loimba la Rossini la William Tell pa nthawi ya nkhondo ya ku Crimea, cha mu 1854. Mwa ziwirizi ine ndimakonda yachiwiriyo. Ili ndi kachisoni kosalira, ngati munthu wobwera ku nyanja m'mawa chimanjamanja koma akupereka moni kwa aliyense.

Za ukwati tsono: Mairi's Wedding. Ndi yaifupi, yansangala, zala sizivutika kwambiri, ndipo phazi la womvera limayamba lokha kugunda pansi. John Bannerman anailemba m'chiyankhulo cha Gaelic mu 1934 polemekeza woimba wina, Mary MacNiven, atapambana mendulo ya golide pa mpikisano. Magawo ake awiri ukhoza kuwabwereza kanayi akwati akulowa, azakhali akululutira, palibe amene angatope. Kuyambira pano mpaka Ogasiti nthawi ilipo yoti uidziwe mpaka kumailiza uli m'tulo. Highland Cathedral, imene ukuiona m'mavidiyo a maukwati pa YouTube, isiye. Anaipeka ndi Ajeremani awiri, Ulrich Roever ndi Michael Korb, mu 1982, ndipo ulemerero wake wonse uli pa limba ndi ng'oma zoiperekeza. Pa yokha ndi nsima yopanda ndiwo.

Pamene ndimatsutsana kwambiri ndi mindandanda yochokera kunja ndi pa mlingo wa pakati, munthu atatha chaka ndi theka kapena ziwiri. Kumeneko ophunzitsa ambiri amachenjeza kuti nyimbo zoguba za 6/8 n'zovuta, ophunzira amaziliza mowuma, osapeza kunyendera kwake. M'nyimbo zimenezi phazi lililonse limanyamula timagawo titatu, koyamba kotalikirapo, kachiwiri kofupika. Kwa khutu langa, zimenezi ife tinabadwa nazo. Kugunda kwa katatu m'kati mwa phazi limodzi kuli m'ng'oma zathu zambiri, ndipo amene anaimapo pabwalo la beni kwa Makanjira kapena ku Namwera, wisulo ikulira, amuna ovala yunifomu akuguba chogwedeza mapewa, safunika kumufotokozera kuti kuguba kukhoza kuvinidwa.

Ndipo ubalewu si wongopeka ine. Dzina lakuti beni linachokera ku liwu la Chingelezi lotanthauza gulu la oimba la asilikali. Guleyu anayambira m'matauni a Aswahili a m'mphepete mwa nyanja ya mchere m'zaka za m'ma 1890, nafika kuno ndi asilikali obwera ku nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Terence Ranger, m'buku lake la mu 1975 la mbiri ya beni, akufotokoza za gulu la ku Mombasa lotchedwa Scotchi, limene linkavala ngati Asikoti ndi kuliza bagpipe. Eya, bagpipe inalowapo kale mu beni agogo athu asanabadwe. Choncho ine ndingamupatse mwana wa kuno Bonnie Dundee msanga, kenako Cock o' the North, kenako The Atholl Highlanders, ya magawo anayi, imene gawo lililonse limakwera pa linzake mpaka womvera kulephera kukhala pansi. Aziliza akuyenda pamchenga, phazi lakumanzere likugwa pa kugunda koyamba. Wokhala pampando 6/8 samupeza.

Ya 2/4 yoti ayese nayo mphamvu ndi The 79th's Farewell to Gibraltar, imene John MacDonald anapeka mu 1848 gulu lake likuchoka pa Gibraltar. Ilimo m'buku lobiriwira lija. Ndi yaitali, imafuna kukumbukira, ndipo doubling yaulesi siibisika. Akaidutsa imeneyi, Scotland the Brave adzaipeza ili yofewa, ndipo mwina sadzaifunanso kwambiri. Ma strathspey ndi ma reel, nyimbo zovinira zothamanga zija, ndi nkhani ya chaka china.

Ilipo ina imene ndikupempha kuti asaikhudze mwachisawawa: Flowers of the Forest. Ndi yolira anthu amene anafa pa nkhondo ya ku Flodden mu 1513, ndipo oliza ambiri a ku Scotland amailiza pa maliro ndi pa zikumbutso pokha. Ena ngakhale pophunzira amadzitsekera. Inalira pa maliro a Prince Philip mu 2021. Ife sitifunika kutiuza kawiri. Ndani angayambitse nyimbo ya pasiwa pa chinkhoswe?

Chinanso chimene eni chidachi ali nacho, chimene chikanatiyenera ife kuposa mapepala, ndi canntaireachd. Kale, manoti a papepala asanafale, akatswiri monga banja la MacCrimmon la pa chilumba cha Skye ankaphunzitsa nyimbo zawo zazikulu, zotchedwa piobaireachd, poziimba pakamwa ndi timawu topanda tanthauzo, kamawu kalikonse kakuimira noti ndi kagwiridwe ka zala. N'chimodzimodzi mmene woimba ng'oma wa kumudzi amakuuzira pakamwa kaye kagundidwe, iwe n'kukasamutsira m'manja. Piobaireachd yeniyeniyo ndi nyanja yakuya, nyimbo imodzi kutenga mphindi khumi kapena kuposa, ndipo ine ndinangoviikamo phazi. Koma njirayo, yoimba kaye usanagwire, igwiritseni ntchito pa nyimbo iliyonse.

Za thumbalo, mphwanga: timabango ta m'kati mwake timadana ndi dzuwa la kuno. Tikauma mawu amasintha, nthawi zina osalira n'komwe. Usadzalisiye m'boti masana, ndipo pa tsikulo udzaliyese pamthunzi patatsala mphindi zochepa kuti akwati afike, osati m'mawa.

Dzulo usiku wanditumizira mawu ojambula pa WhatsApp, opanda moni. Ndi Mairi's Wedding, gawo loyamba lokha, pa chanter, mafunde akumveka kumbuyo ndi galu wina akutsutsa. Doubling ya pa E akuimezabe, ndipo pothera akuthamanga ngati akuthawa ngongole. Ndamuuza kuti aibwereze pa theka la liwiro limenelo, anditumizirenso Lachisanu. Ikamveka bwino, sutikesi ndikwera nayo ya ku Monkey Bay kumapeto kwa mwezi.