Mlendo wa ku France wadza ndi kalumo kakuthwa

Akuluakulu adati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Mlendo amene ine ndikumudikira Loweruka likudzali ndi filimu ya Chifalansa yotchedwa Martyrs, imene Pascal Laugier adatulutsa mu 2008, ndipo kalumo kake n'kenikeni, kocheka mnofu wa munthu. Mnzanga wina walonjeza kundibwereka. Chilonjezereni, tulo tasowa. Koma funso limene likundisautsa, awerengi, ndi ili: munthu wabwinobwino angalakelake bwanji kuonera anzake akuzunzidwa?

Ndiyambe ndi kumene njalayi idachokera. Poyamba ndidaonera Haute Tension ya Alexandre Aja, ya mu 2003. Imeneyo imathamanga ngati galu wachiwewe, koma kumapeto imatipusitsa ndi chinsinsi chosagwirizana ndi zimene maso athu adaona. Ndidadzuka pampando nditakwiya.

Kenaka ndidapeza À l'intérieur ya mu 2007, ya Julien Maury ndi Alexandre Bustillo. Mayi woyembekezera, amene mwamuna wake adafa pangozi ya galimoto, ali yekha m'nyumba usiku woti mawa ndi Khirisimasi. Pakhomo pagogoda mkazi wovala zakuda, amene akuseweredwa ndi Béatrice Dalle, ndipo chimene akufuna ndi mwana wam'mimbayo. Chida chake chachikulu ndi sizasi basi. Nyumba imodzi, usiku umodzi. Kunena zoona, pena ndinkayang'ana kumbali. Komabe ndidaona kuti magazi onse aja ankatumphuka m'chisoni cha akazi awiri oferedwa. Pamenepo ndidavomera kuti Afalansawa sakhetsa magazi pachabe.

Mu 2004 James Quandt, polemba m'magazini ya Artforum, adatulukira dzina loti New French Extremity. Iye ankadzudzula anthu monga Gaspar Noé ndi Catherine Breillat, koma dzinalo lidafalikira mpaka kukuta mafilimu oopsawa. Khalidweli si lachilendo ku Paris. Kuyambira 1897 mpaka 1962 kudali nyumba ya zisudzo ya Grand-Guignol, kumene anthu ovala bwino ankalipira kuti akaone osewera akunamizira kukolowolana maso ndi kudulana makosi.

Tsono nayi Martyrs. Bungwe lounika mafilimu ku France lidayamba lanena kuti osakwana zaka 18 asaionere. Anthu a zakanema atadandaula, malirewo adatsitsidwa kufika zaka 16, ndipo idatuluka pa 3 Seputembala 2008. Ndiulule, nkhani yake ndidaiwerenga kale, kudekha kudandikanika. Lucie, amene akuseweredwa ndi Mylène Jampanoï, adathawa ali mwana m'manja mwa anthu omuzunza. Patapita zaka 15, akulowa m'nyumba ina ndi mfuti n'kupha banja lonse pa chakudya cham'mawa. Mnzake Anna, amene ndi Morjana Alaoui, akuganiza kuti Lucie wapenga, kufikira atapeza zipinda zobisika pansi pa nyumbayo.

Apa m'pamene pagona mtima wanga. Ozunzawo si ziwanda kapena amisala ayi. Ndi gulu la anthu olemera, aukhondo, ambiri okalamba, lotsogozedwa ndi mayi amene amangomutcha Mademoiselle. Amazunza atsikana kuti, akafika pakhomo pa imfa, asuzumire tsidya linalo ndi kuwauza zimene aonako. M'Chigiriki liwu limene lidabala martyr limatanthauza mboni. Ife kuno timalidziwa pa 3 Malichi, pokumbukira ofera dziko. Koma atsikana awa safera chimene adasankha okha. Akufera chidwi cha anthu ena.

Nanga ine, amene ndidzakhale phee pampando ndi kapu ya tiyi, ndikusiyana nawo pati okalambawo? Iwo akufuna wina amve ululu kuti iwo aphunzirepo kanthu. Inenso si momwemo kodi? Mungati aaa, zakanema n'zongopeka, palibe amafa. Zoonadi. Koma njala ya maso angayi si yopeka. Ngati Laugier watchera msampha woterewu dala, woti woonera adzipeze ali pakati pa ozunza, ndiye kuti kalumo kake kaloza ine.

Choncho muyeso wanga ndaukonza kale. Ngati kamera ikhala ndi Anna monga munthu, wokhala ndi dzina, chikondi ndi mantha, mpaka mphindi yomaliza, ndidzati pano pali luso. Koma akasanduka nyama yopachika pabutchala, mawu a nzeru aja n'kukhala chophimbira chabe, ndidzanena poyera patsamba lomwe lino kuti chinali chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Loweruka ana akagona ndidzatseka chitseko ndi kuzimitsa nyale. Ndadzilonjeza chinthu chimodzi: ulendo uno sindidzayang'ana kumbali. Amene waitana yekha mlendo sathawira kuchipinda.