Nthambo nayo ili ndi mawu ake pa gitala

Albert Collins, katswiri wa nyimbo za blues wa ku Texas, ankatsika pansanja nyimbo ili mkati. Ankadutsa pakati pa anthu, tsiku lina mpaka kutulukira panja, gitala yake ya Telecaster ikulirabe. Kumbuyo kwake kunkakhwekhwereka nthambo ya mamita pafupifupi 30. Guitar Slim ankachitanso zomwezo ku New Orleans m'zaka za m'ma 1950. Anthu ankakuwa ndi chimwemwe, koma utali wotere umadya mawu a gitala, ndipo woyimba aliyense ayenera kudziwa kuti umawadya bwanji.

Nkhani imayambira pa pickup, kachipangizo kokhala pansi pa zingwe. Mkati mwake muli maginito okulungidwa ndi kawaya kopyapyala kwambiri, kozungulira maulendo masauzande. Chingwe chikanjenjemera, kawayako kamatulutsa magetsi ofooka zedi. Nthambo imene amadutsamo ili ndi waya pakati, pulasitiki, kenako ukonde wa waya kunja. Kapangidwe kameneka kamachititsa nthambo kusunga magetsi pang'ono, zomwe mainjiniya amati capacitance, ndipo pa nthambo wamba imakhala pafupifupi ma picofarad 100 pa mita iliyonse. Capacitance ikachuluka, oyamba kuthawa ndi mawu akuthwa, amene amamveketsa kukhudza kwa chala. Nthambo ikapitirira mamita 6, khutu lozolowera limayamba kumva ngati wina wafunditsa sipika bulangeti. Woyimba akatsitsa voliyumu pa gitala, zimaipiraipira.

Ambiri amathamangira nthambo yodula yokhala ndi mapulagi onyezimira ngati golide. Kumeneko n'kutaya ndalama ngati capacitance yake ili yokwera.

Mankhwala enieni ndi buffer. Kachipangizo kameneka sikakweza mawu. Kamangowapatsa nyonga yoyenda mtunda osafooka. Pete Cornish wa ku Britain, amene ankakonzera zipangizo David Gilmour wa Pink Floyd ndi Brian May wa Queen, wakhala akulimbikira mfundo imeneyi kwa zaka zambiri: gitala ikumane ndi buffer msanga, nthambo yaitali ibwere pambuyo. Mapedo ambiri a Boss, timabokosi tosinthira mawu topondedwa ndi phazi, amakhala nayo kale mkati, ndipo imagwira ntchito ngakhale pedo yazimitsidwa, bola muli batire kapena magetsi. Choncho woyimba wa kutchalitchi amene amplifaya yake ili kutali angathe kulumikiza nthambo ya mamita atatu ku pedo yotere, yaitaliyo n'kuyambira pamenepo. Mtunda ukakula kwambiri, mawu amasamutsidwira pa nthambo ya XLR, yonga ya maikolofoni, imene imayenda mamita 100 osatola phokoso. Woyimba gitala Les Paul anaona vutoli kalekale, ndipo mu 1971 kampani ya Gibson inatulutsa gitala ya Les Paul Recording yokhala ndi ma pickup osaopa nthambo yaitali. Sinagulidwe kwambiri.

Kusagulidwa kwakeko kukutiuza kanthu. Oyimba sakufuna mawu oyera okhaokha. Jimi Hendrix ankagwiritsa ntchito nthambo zopotana, zomwe waya wake ndi wautali kuposa mmene zimaonekera, ndipo zinkafewetsa ukali wa gitala yake ya Stratocaster isanafike mu amplifaya ya Marshall. Pedo ya Fuzz Face, yotuluka mu 1966, imafuna kumva pickup mwachindunji. Mukaika buffer patsogolo pake imalira mokalipa, ndipo siimveranso bwino voliyumu ya pa gitala. Ngakhale zipangizo zina zopanda nthambo, monga Relay ya Line 6, zili ndi batani lobwezeretsa dala kufooka kwa mawu kumene nthambo imabweretsa. Opanga anazindikira kuti makutu a oyimba anakulira pa mawu odutsa m'nthambo, ndipo akawachotsera zonse amadandaula kuti gitala ikubaya.

Apa ndiye pali luso. Collins anali ndi gitala yolira mobaya kale, moti ngakhale itadutsa mamita 30 inkafikabe ndi mano. Gitala ya mawu okhuthala singapirire ulendo womwewo. Woyimba wosamala amayesa nthambo yaifupi ndi yaitali pa amplifaya imodzi, osakhudza batani lililonse, n'kumvetsera kusiyana kwake. Akakonda mawu a nthambo ya mamita 5, asunge yomweyo, aike buffer kumapeto kwake, ndipo mtunda wotsalawo sudzasinthanso kaliridwe ka gitala yake.